Kodi CT sikani ingaonetse kuti munthu ali ndi Mpox? Yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Funso lomwe ndalandira ndi ili: "Adokotala, mlongo wanga wamng'ono amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Sabata yatha anayamba kutentha thupi, kenako mwanabele m'mphechepeche ndi matuza kumaso, m'manja komanso kumalo obisika. Kuchipatala anangomupaka kathonje pachilonda n'kutiuza kuti tidikire, akuganizira Mpox. Amalume athu ali ku Joni akuti za kathonjezo ndi zachibwana, tipite naye ku pulaiveti ku Blantyre akamujambule CT sikani kuti tidziwe zenizeni. Mayi akufuna kugulitsa mbuzi ziwiri. Akumadandaulanso kuti akapita kuchimbudzi kukumawawa kwambiri. Tipange bwanji?"

Achemwali, mbuzizo zisiyeni kaye m'khola. Ndayambira pamenepa dala chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira, mawa m'mamawa wina adzuka nazo ulendo wa kumsika, ndipo mavenda akangonunkhiza kuti pakhomo pali matenda amakudyerani masuku pamutu, mbuzi yonenepa bwinobwino kuigula ngati nkhuku.

CT sikani siingakuuzeni kuti munthu ali ndi Mpox kapena ayi. Olo mutapita naye ku Johannesburg komwe kuli amalumeko, olo ku London, sikaniyo ndi yomweyo ndipo pa funso limeneli ilibe yankho. Ine ntchito yanga ndi yowerenga zithunzi zimenezi tsiku ndi tsiku, nde musaganize kuti ndikunyoza makina amene amandidyetsa, ayi. Kungoti ndimawadziwa pomwe amathera.

Kathonje kamene amalume akukanyozako ndiye mwini nkhani. Mwina simunaonetsetse zomwe anachita chifukwa zimatenga mphindi zochepa: amavala magolovesi ndi masiki, amatenga kamtengo kathonje kumapeto, n'kukhula pachilonda mwamphamvu ndithu mpaka wodwala amachita tsinya, cholinga atengepo timadzi ta m'thuza kapena nkhanambo. Kawirikawiri amatenga pa zilonda ziwiri za malo osiyana. Kenako amakatsekera m'kabotolo, kabotolo m'bokosi lozizira, ulendo wa ku labu. Ku labuko amapanga zomwe timati PCR. Makina ake amafufuza DNA ya kachilombo koyambitsa Mpox, kunena kwake chidindo chake chimene palibe kachilombo kena kali nacho, ndipo akaipeza olo pang'onong'ono amaichulukitsa kambirimbiri mpaka ioneke. Njira imeneyi ndi imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ndiyo yotsimikizira Mpox dziko lonse lapansi, kwa olemera ndi osauka omwe. Ena amadabwa kuti bwanji sanatenge magazi. Chifukwa chake kachilomboka m'magazi sikakhalitsamo, kamangodutsa masiku oyambirira, pomwe pachilonda ndi pamudzi pake, kamadzaza pamenepo. Ndiye kudikira kumene akuuzaniko si ulesi wa anamwino, kabotolo kaja kakuyenera kuyenda kaye, kafike, kalowe pamzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano CT ndi chiyani. Ndi ekisileyi yomweyo koma yozungulira. Munthu amagona chagada pa kabedi kopapatiza, kabedi kaja kamalowa pang'onopang'ono m'chibowo cha chimakina chooneka ngati donasi wamkulu, mkati mwake chojambulira chikuzungulira thupi, ife tili kuseri kwa galasi kumakuwa pa maiki kuti pumirani mkati, gwirani mpweya, tulutsani. Kompyuta imatenga zonsezo n'kutipatsa thupi lodulidwa m'timagawo ngati mmene amadulira buledi wa silayisi, nde timayang'ana silayisi imodziimodzi, apa chiwindi, apa mapapo, apa matumbo. Anaiyambitsa ndi Godfrey Hounsfield ku England, wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971, ndipo mu 1979 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack yemwe anabadwira ku Johannesburg konko, izi muwauze amalume asangalale. Makina abwino zedi. Munthu wagwa pa njinga wamenyetsa mutu, wina wafa ziwalo mbali imodzi mwadzidzidzi, wina ali ndi chotupa m'mimba, pamenepo CT ilibe mnzake.

Koma imaona mawonekedwe basi, kutupa, mafinya ataunjikana, madzi pomwe sipayenera madzi, fupa losweka. Kanthu kakang'ono kwambiri komwe ingathe kusiyanitsa ndi ka pafupifupi theka la milimita. Kachilombo ka Mpox, ngakhale kali m'gulu la mavairasi akuluakulu, mukuyenera kundandalika pafupifupi 2,000 pamzere umodzi kuti tikwane theka la milimita lomwelo. Nde makina angakaone bwanji.

Inu a ku Chinamwali mukudziwa zomwe zimachitika kwa amene amalima m'mphepete mwa phiri. Mwafika kumunda m'mawa, chimanga chathyoledwa, mapesi agwa. Mutajambula chithunzi pa foni n'kutumiza pa WhatsApp, aliyense avomereza kuti munda waonongeka, akuuzaninso kuti mizere ingati yapita. Koma kuti waononga ndani, anyani otsika m'phiri, mbuzi za aneba kapena anyamata odutsa usiku, chithunzicho sichinena. Mpaka wina awerame ayang'ane mapazi pansi. CT ndi chithunzi cha munda chija. Kathonje ndi munthu wowerama uja.

Ndipo kwathu kuno vuto limeneli ndi lalikulu kuposa ku Ulaya chifukwa matenda otupitsa mwanabele tili nawo ambiri. Mutandipatsa sikani ya mlongo wanu lero osandiuza kanthu, ndiona timibulu totupa m'mphechepeche, mwina ndi m'khosi, ndilemba lipoti lakuti pali mwanabele, kenako ndindandalika zomwe zingachititse: TB, khansa ya m'mwanabele, khansa ya Kaposi, chindoko, mabomu, HIV yongolowa kumene, chilonda wamba chomwe chalowa tizilombo, Mpox ikhala imodzi mwa izo. Kumapeto ndilemba kuti chonde yezani ku labu. Mwaona? Mbuzi ziwiri zapita, mwabwerera pomwe munali, pa kathonje. Ndikukumbuka bambo wina yemwe anabwera ndi khosi lotupa mbali imodzi, abale atasonkherana ndalama ya sikani chifukwa wina anawauza kuti makinawo amanena chilichonse. Chithunzi chinatuluka chokongola, timibulu tambiri tofewa pakati ngati mbatata yoola mkati. Mkazi wawo anandigwira mkono pakhonde n'kundifunsa kuti nde ndi chiyani adokotala, ine n'kuyankha kuti chikufanana ndi TB koma tikuyenera kubaya titengeko timadzi tikayeze. Nkhope yawo sindidzaiwala, anangoti "nanga ndalama zonse zija?" Inapezekadi TB, ndipo chomwe chinaipeza ndi kajakisoni ndi labu.

Maso a dokotala wozolowera amathandiza kuposa CT pa nkhani ya zilonda zapakhungu. Anthu ambiri amasokoneza Mpox ndi katsabola. Katsabola matuza ake amakhala apamwamba, opyapyala, oyabwa kwambiri, ochuluka pamimba ndi kumsana, ndipo mumapeza ena akutuluka kumene ena auma kale. A Mpox amakhala olimba, ozama, owawa, ambiri amakhala ndi kadzenje pakati ngati mchombo, amakonda kumaso, m'zikhatho, kumapazi, m'kamwa ndi kumaliseche, ndipo mwanabele amabwera nawo pafupipafupi. Koma ngakhale apo timanamizika, mphere zomwe zalowa mafinya, chindoko, mashingozi, zonse zimatha kutipusitsa, ena amakhala ndi matenda awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake olo dokotala wamkulu bwanji amatengabe kathonje.

Nanga CT ilibiretu ntchito pa Mpox? Ili nayo, koma ntchito yake ndi ina. Imabwera pamene tikudziwa kale kapena tikuganizira kwambiri kuti ndi Mpox, wodwala wafika poipa, ndipo tikufuna kuona kuti mkati mwaonongeka bwanji pomwe maso ndi manja sizifika. Anthu ambiri odwala Mpox safika pamenepo, amachira okha pakatha masabata awiri mpaka anayi osajambulidwa chilichonse.

Apa ndiime pang'ono pa zomwe mwanena za kuchimbudzi, chifukwa m'funso lanu lonse ndi mawu amenewa amene andikhudza, osati a sikani. Mpox imatha kutulutsa zilonda mkati mwa njira ya chimbudzi, thumbo lakumapeto lija limatupa, munthu amamva ngati akufuna kudzithandiza nthawi zonse koma palibe chotuluka, kapena kutuluka timagazi ndi zonanda, ululu wake ena amati ngati mwakhalira magalasi osweka. Chiyambire mliri wa 2022 madokotala aziona kwambiri zimenezi. Nthawi zambiri timazidziwa pongomva zomwe wodwala akunena ndi kumuyeza, mankhwala ake ndi opha ululu, ofewetsa chimbudzi, kumwa madzi ambiri, kukhala m'beseni la madzi ofunda. Pa CT zimaoneka ngati khoma la thumbo lakhuthala, mafuta ozungulira achita mbuu ngati utsi, ndi timwanabele pambali, koma chinzonono, herpes ndi matenda ena opatsirana pogonana amaonekanso chimodzimodzi, nde apanso sikani siitchula dzina. Pomwe ndingavomere kuti ajambulidwe ndi pamene ululu ukukulirakulira olo akumwa mankhwala, thupi latenthanso litazizira kale, mimba yauma gwa ndipo sakulola kuigwira, magazi akutuluka ambiri, kapena akulephera kukodza. Pamenepo tikuopa chithupsa chamkati chodzaza mafinya kapena kuti thumbo labooka, ndipo dokotala wa opaleshoni akufuna adziwe pomwe angang'ambe. Chithunzi chikasintha zomwe dokotala achite mawa, ndiye kuti ndalama yake yagwira ntchito.

Ndipemphe chinthu chimodzi: mnyamatayo akabwerera kuchipatala mumusiye alankhule ndi dokotala payekha, inu ndi mayi mudikire panja. Matendawa amafala pokhudzana khungu ndi khungu, kugonana kuli m'gulu lomwelo, komanso kudzera m'zofunda, zovala, mataulo, ndi kupumirana pafupi nthawi yaitali. Pali mafunso amene mwana wamwamuna sangayankhe zoona mlongo wake ataima pambali, inunso mukudziwa. Ndipo kuwawa kwa kuchimbudziko kusakhale nkhani yomuweruzira pakhomo.

Malo ena omwe CT imathandiza ndi kukhosi. Zilonda zikalowa m'kamwa mpaka kummero, mwanabele wa m'khosi n'kutupa kwambiri, munthu akulephera kumeza ngakhale malovu, mawu asintha, kupuma kukumveka phokoso, timafuna tione ngati kuseri kwa mmero kwaunjikana mafinya komanso ngati njira ya mpweya yatsala bwanji. M'mapapo namonso, wodwala akayamba kubanika, timayamba ndi ekisileyi wamba ya pachifuwa, CT imabwera pambuyo ngati ekisileyi yasiya mafunso, ndipo imatha kuonetsa timibulu m'mapapo kapena madzi m'mbali, zomwenso TB ndi Kaposi amapanga. Ku ubongo, mwa apo ndi apo Mpox imatupitsa ubongo, munthu kusokonezeka mutu kapena kukomoka ngati khunyu, apo MRI, sikani ina yojambula ndi maginito, ndi imene imaona bwino, CT timangoigwiritsa ntchito mwachangu kuti tione ngati palibe china choopsa. Za mwanabele wapafupi ndi khungu kapena chithupsa cha m'mphechepeche, sikani ija amajambulira amayi oyembekezera imakwanira bwinobwino, ilibe cheza choopsa ndipo imapezeka m'zipatala zambiri.

Amene amafika pa mavuto akuluakuluwa kawirikawiri ndi omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, makamaka amene ali ndi HIV koma sakudziwa kapena anasiya ma ARV, CD4 (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) itatsika pansi pa 200, kuphatikizapo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Nde mukandifunsa kuyeza kwachiwiri kofunika pambuyo pa kathonje, sindinena CT, ndinena kuyeza HIV, kwaulere, mphindi zochepa pa chala. Ngati ali kale pa mankhwala asadumphitse olo tsiku limodzi.

Anthu amaganiza kuti kujambulidwa kulibe mtengo wina kupatula ndalama. Ulipo. CT imodzi ya pachifuwa imapatsa munthu cheza chofanana ndi ma ekisileyi wamba a pachifuwa pafupifupi 70. Kwa munthu amene akufunikadi palibe vuto, phindu limaposa, koma kwa mnyamata wongofuna kuti mtima wa abale ukhale pansi ndi kumuwotcha pachabe. Komanso kuti tione mafinya bwino timabaya mankhwala ena mumtsempha owalitsa chithunzi, munthu amamva kutentha thupi lonse, kukamwa kukoma ngati wanyambita kobiri, ena amaganiza kuti adzikodzera pomwe ayi. Mankhwala amenewa amafuna impso zabwino, ndipo munthu amene wakhala masiku osadya osamwa bwino chifukwa cha zilonda impso zake zimakhala zatopa kale.

Ndiye ganiziraninso ulendowo. Kuchoka pa Chinamwali kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 60, mu minibasi anthu anayi pa mpando, phewa pa phewa, mikono ikukhudzana, kondakitala akulandira ndalama m'manja momwe muli matuzamo, mayi wa mwana wakhanda wakhala pambali pake kuyambira pa Thondwe mpaka ku Limbe. Kukafika uko, wodwala Mpox sitimangomugoneka pa makina ngati wina aliyense, timamuika kumapeto kwa mzere, tonse tivale zodzitetezera, zilonda ziphimbidwe, akatuluka nsalu zichotsedwe mosakutumula, kabedi kapukutidwe ndi mankhwala, ndipo nthawi yonseyo wina wa ngozi yapamsewu akudikira panja. Timachita zimenezi ndi mtima wonse pamene pakufunika. Koma pongofuna kutsimikiza zomwe kathonje kangatiuze, ayi ndithu.

Za dzinali, poti wina andifunsa ndithu ngati anyani a ku Ku Chawe ndi amene abweretsa. Asiyeni anyani athu, mlandu wawo ndi wakuba chimanga basi. Kachilomboka anakapeza koyamba mu 1958 mwa anyani a mu labu ku Copenhagen ku Denmark, dzina lakale lakuti monkeypox, kunena kuti nthomba ya anyani, linachokera pamenepo, koma akatswiri amaganizira kwambiri tinyama ngati agologolo ndi makoswe akutchire a m'nkhalango za pakati ndi kuzambwe kwa Africa. Munthu woyamba kupezeka nako anali mwana wa miyezi 9 ku Congo mu 1970. Ndi pachibale ndi nthomba ija agogo athu ali ndi chipsera cha katemera wake paphewa, yomwe inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980. Mu 2022 a WHO anasintha dzina kukhala Mpox chifukwa dzina lakale linkanyozetsa anthu. Mu Ogasiti 2024 analengezanso kuti ndi vuto la dziko lonse chifukwa cha mtundu watsopano womwe unafala kuchokera kum'mawa kwa Congo, ndipo kuno ku Malawi odwala oyamba anatsimikizika mu Epulo 2025 ku Lilongwe. Zomwe tikuona panopa ndi munthu kupatsira munthu mnzake.

Pomwe mukudikira zotsatira, mutengeni ngati ali nayo. Agone m'chipinda chayekha ngati nyumba ikulola, ngati ayi olo kutchinga ndi nsalu, mphasa yake, bulangete lake, kapu, mbale, taulo ndi sopo zake. Womusamalira akhale mmodzi, asakhale woyembekezera kapena wodwaladwala, ana asamakwere pabedi pake. Zovala zake musazikutumule, zinyamuleni mutavala magolovesi kapena jumbo m'manja, muchape pazokha ndi madzi otentha ndi sopo, ziume padzuwa. Matuza asaphulitse, asakande, asamete pamalo pali zilonda, ndipo chonde musapake mankhwala otsukira mano, phulusa, mafuta a mabuleki kapena zilizonse zomwe anthu akutumizirana pa WhatsApp, zilonda zambiri zomwe zimafika poipa zimakhala zapakidwa zinthu. M'kamwa achukuche ndi madzi a mchere. Panado wa ululu ndi kutentha thupi. Akagwira chilonda asagwire m'maso, Mpox ya m'diso imatha kuchititsa khungu, diso likangofiira kapena kuwawa thamangani naye tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akalephera kumeza, kupuma, kukodza, akayamba kubwebweta, kapena zilonda zikamakula n'kumada bii. Mukamapita muimbiretu kapena muuze mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko kuti akudziwitsireni kuchipatala, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ndi 929, ndipo zilonda aziphimbe, avale masiki. Akafika ku Zomba Central madokotala akaona kuti pakufunika chithunzi, adzalemba okha, adzanenanso kuti chiwalo chiti, chifukwa CT sitijambula thupi lonse mwachisawawa ngati chithunzi cha paukwati.

Kabaza ayimike kaye. Ndikudziwa kuti ndi pomwe pamachokera ndiwo, koma pasenjala amamugwira m'chiuno, chipewa amabwerekana, ndipo amapatsirabe ena mpaka nkhanambo zonse zitagwa khungu latsopano litamera pansi pake. Inu nonse a m'nyumbamo, ndi chibwenzi chake ngati ali nacho, mudziyang'anire masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza kukhudzana naye. Akachira azigwiritsa ntchito kondomu kwa masabata 12. Amalume ndalama atumizebe, musawakanize, masabata atatu kapena anayi njinga itaima pakhomo pafunika sopo, makala otenthetsera madzi, panado, mazira ndi phala la mnyamatayo, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, bwanayonso akhala akuimba foni.